Mavuto akafika pakhomo pa Mkhristu: mafunso ndi mayankho

Awa ndi mafunso amene ife akulu a mpingo kuno ku Nkhotakota timakumana nawo tikapita kukazonda odwala, tikamagona pa siwa, kapena tikakhala pa doko ndi banja lomwe likudikira bwato losabwerera. Owerengeka amafunsa mokweza. Ambiri amadikira kuti pemphero lithe, anthu abalalike, kenaka n'kukukokera pambali. Ndawayankha monga momwe ndimayankhira pamaso, ndipo ndayesetsa kuti ndisalonjeze chimene Mulungu sanalonjeze.

Ndimapemphera, ndimapereka chakhumi, sindijomba ku tchalitchi. Nanga bwanji mavuto akungondilondola?

Pansi pa funsoli pagona ganizo loti munthu akatumikira Mulungu bwino, Mulunguyo amubwezera pomutchingira zowawa zonse. Ambirife tinakula ndi ganizo limeneli, ndipo alaliki ena amalithirira sabata ndi sabata. Koma Yesu sanapangane nafe zotero. Usiku woti aperekedwa anauza ophunzira ake mosabisa kuti m'dziko lino adzakhala nacho chivuto, koma alimbe mtima chifukwa Iye walilaka dziko (Yohane 16:33). Paulo, yemwe anagwira ntchito ya Ambuye koposa tonsefe, akuwerenga yekha pa 2 Akorinto 11 kuti anakwapulidwa kasanu zikoti 39, anaponyedwa miyala, ndipo zombo zinamusweka katatu.

Umboni wina tili nawo pa boma pompano. Mu tchalitchi cha Anglican cha All Saints muli manda a Bishopu Chauncy Maples. Munthuyu anatumikira m'chigawo chino cha Africa pafupifupi zaka 20. Anadzozedwa ubishopu ku London mu 1895, ndipo mu September chaka chomwecho, asanafike n'komwe ku Likoma kukayamba ntchito yake, boti lomwe anakwera linagubuduzika ndi namondwe pa nyanja yathu ino, iye n'kumira. Ndani anganene kuti bishopuyo sankapemphera?

Madzi atasefukira ku Dwangwa kumapeto kwa February 2024 sanafunse kuti nyumba iyi ndi ya mayi wa Chigwirizano, iyo ndi ya chidakwa. Anakokolola zonse, ndipo m'misasa anthu anagona mosakanikirana. Tsono m'bale wanga, mavuto anu sakutanthauza kuti utumiki wanu wakanidwa.

Kodi si chilango cha tchimo lina lomwe ndinachita, kapena lomwe anachita makolo anga?

Ili ndi funso lomwe limadya anthu mkati, makamaka amayi amene akhala zaka pa banja opanda mwana, makolo a mwana wolumala, ndi iwo amene apezeka ndi kachilombo ka HIV iwo atadzisunga. Ndimalimva kawirikawiri kuposa ena onse, ndipo limandipweteka chifukwa nthawi zambiri amene analibzala mu mtima wa munthuyo ndi ife a mpingo omwe.

Zoona, pali mavuto amene munthu amadziitanira. Wogulitsa usipa wa thandala lonse n'kukathera ndalamazo ku mowa asadabwe ana akagona ndi njala. Ngati mukudziwa tchimo lenileni, lomwe mungalitchule dzina, lapani, konzani zimene zingakonzeke, ndipo khulupirirani kuti mwakhululukidwa monga 1 Yohane 1:9 akunenera. Koma kukumba m'mbuyo usiku ndi usiku kusaka tchimo losadziwika loti lifanane ndi kukula kwa tsoka lanu, zimenezo Baibulo silikutitumani.

Onani Yobu. Tsiku limodzi anataya nkhosa 7,000, ngamira 3,000, ng'ombe, abulu, ndi ana ake onse khumi. Anzake atatu, Elifazi, Bilidadi ndi Zofari, anabwera n'kukhala naye pansi masiku 7 osayankhula, ndipo apo anachita bwino. Atatsegula pakamwa ndi pomwe anaononga. Mitu ndi mitu akumuumiriza kuti aulule, poti kwa iwo munthu sangavutike chonchi popanda chifukwa. Kumapeto kwa bukulo Mulungu akukwiyira Elifazi ndi anzakewo, osati Yobu, ponena kuti sananene zoona za Iye (Yobu 42:7). Anali anthu opembedza, mawu awo ankamveka a nzeru, koma ananamizira Mulungu.

Yesu anafunsidwa funso lomweli maso ndi maso. Ophunzira ataona munthu wobadwa wosaona anafunsa kuti anachimwa ndani, iye kapena makolo ake. Yankho linali lakuti sanachimwe iyeyo kapena makolo ake (Yohane 9:3). Pa Luka 13 akutchulanso anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera, ndipo akukana kuti anali ochimwa koposa anzawo a mu Yerusalemu. Ngati Ambuye mwini anakana kuwerengera motero, mlaliki aliyense wokuuzani kuti khansa yanu ndi temberero la agogo anu akudziyesa wodziwa kuposa Yesu.

Pa maliro amatiuza kuti Mkhristu salira. N'zoona?

Ayi. Vesi lomwe amagwiritsa ntchito, 1 Atesalonika 4:13, likuti tisalire monga otsalawo amene alibe chiyembekezo. Kulirako sikunaletsedwe. Yesu analira pa manda a Lazaro ngakhale ankadziwa kuti posachedwa amuukitsa. Stefano ataphedwa, anthu opembedza anamuika ndi kumulira maliro aakulu (Machitidwe 8:2).

Ndaonapo mayi wamasiye akumeza misozi pa siwa chifukwa amayi anzake amuuza kuti akalira aonetsa kuchepa chikhulupiriro. Anakhala phee, chitenje kukamwa, nyimbo zikuimbidwa usiku wonse. Patapita miyezi ndi pomwe anayamba kusagona, kuonda, kukana kutuluka m'nyumba. Chisoni chomwe sichinatuluke pa nthawi yake chinapeza njira ina. Makolo anati maliro n'kulirana, ndipo Paulo akugwirizana nawo pa Aroma 12:15 pomwe akuti lirani nawo akulira.

Nanga kumudandaulira Mulungu, kumufunsa kuti ali kuti, si kuchimwa?

Tsegulani buku la Masalimo muone kuchuluka kwa madandaulo. Salimo 13 likuyamba ndi kufunsa kanayi kuti kufikira liti. Salimo 44 likufika pomuuza Mulungu kuti adzuke, akugoneranji. Salimo 88 ndiye palibe n'pomwe pali mawu otonthoza, likuthera mu mdima. Ndipo Mulungu analola kuti zonsezi zikhale m'buku lake, kuti ana ake aziziimba. Yesu pa mtanda anatenga mawu oyamba a Salimo 22, kufunsa Mulungu wake chifukwa chomwe wamusiyira.

Kusiyana kulipo pakati pa kudandaulira Mulungu ndi kumufulatira. Wodandaula akuyankhulabe naye. Mwana wolira atakakamira chitenje cha mayi ake sanathawe pakhomo. Amene ndimamudera nkhawa ndi uja wasiya kupemphera chifukwa akuganiza kuti Mulungu amangolandira mapemphero aulemu okhaokha, ndipo iye mu mtima mwake mulibe mawu aulemu. Ngati muli pamenepo, tengani Salimo 88 kapena 42, muwerenge mokweza ngati pemphero lanu. Likukwanira.

Chiyembekezo cha Mkhristu n'chiyani kwenikweni, ngati si kuti zinthu zisintha posachedwa?

Nthawi zina zinthu zimasinthadi, ndipo n'koyenera kupempherera zimenezo: mvula, machiritso, ntchito, mwana. Koma chiyembekezo chathu sichinamangidwe pa kusinthako. Chinamangidwa pa chinthu chomwe chinachitika kale, kuti Yesu anafa ndi kuuka kwa akufa, ndi pa lonjezo lakuti amene ali mwa Iye adzaukanso, ndipo Mulungu adzapukuta misozi yonse (Chivumbulutso 21:4). Paulo ananena poyera kuti ngati tiyembekezera Khristu m'moyo uno wokha, ndife omvetsa chisoni koposa anthu onse (1 Akorinto 15:19).

Pali vesi lomwe timalikonda kwambiri, timalilemba pa minibasi ndi pa makhadi a ukwati, Yeremiya 29:11, lonena za malingaliro a mtendere amene Mulungu ali nawo pa ife. Koma werengani mutu wonsewo. Ndi kalata yopita kwa anthu amene anagwidwa ukapolo ku Babulo. Mneneri wina, Hananiya, anali atalosera kuti pasanathe zaka ziwiri zonse zibwerera m'malo. Yeremiya anawauza kuti ndi zaka 70, choncho amange nyumba, alime minda, akwatire ndi kukwatitsa ana komweko. Ambiri mwa amene anamva kalatayo ikuwerengedwa anafera ku Babulo. Lonjezo linali loona, koma linali lalitali kuposa moyo wawo.

Ife a ku Nkhotakota tiyenera kumvetsa zimenezi kuposa ena. Pa gombe lino, m'nthawi ya a Jumbe, mafumu achiSwahili ochita malonda a akapolo, anthu zikwi ndi zikwi ankasonkhanitsidwa n'kuwolotsedwa nyanja, kenaka kuyenda pansi ulendo wa miyezi kupita ku Kilwa, pa gombe la Tanzania, kukagulitsidwa ngati akapolo. David Livingstone anafika kuno mu 1861 n'kudzabweranso mu 1863, ndipo mkuyu womwe amati anakambiranapo ndi Jumbe za kuleka malondawo anthu amakauonabe. Malondawo sanaleke. Livingstone anamwalira mu 1873 asanaone kutha kwake, ndipo kuno anadzatha m'zaka za m'ma 1890. M'zaka 30 zapakatizo anthu ankagulitsidwabe. Sindinganene kuti kuvutika kwawo kunali kwabwino chifukwa choti pambuyo pake kunabwera ufulu. Chimene ndikhulupirira n'chakuti Mulungu amadziwa dzina la aliyense amene anafera m'njira ya ku Kilwa, ndipo mlandu wawo sunatsekedwe. Popanda kuuka kwa akufa ndi chiweruzo cholungama, anthu amenewo angotayika basi.

N'chifukwa chake ndimakonda mawu a anyamata atatu aja pamaso pa Nebukadinezara. Anati Mulungu wawo akhoza kuwalanditsa m'ng'anjo, koma ngakhale atapanda kutero, fano lija salipembedza (Danieli 3:17-18). Habakuku naye akuti ngakhale mkuyu usaphuke, m'minda musakhale chakudya, m'khola musakhale ng'ombe, iye adzakondwera mwa Mulungu wa chipulumutso chake. Mlimi amene chimanga chake chinapserera ndi ng'amba ya 2024 akhoza kunena mawu amenewa osanama.

Ndapempherera chinthu chimodzi kwa zaka zambiri osayankhidwa. Kodi chikhulupiriro changa n'chochepa?

Paulo anapempha katatu kuti munga wa m'thupi mwake uchoke. Sunachoke. Anauzidwa kuti chisomo chimukwanira (2 Akorinto 12:9). Yesu m'munda wa Getsemane anapempha kuti chikho chimupitirire, ndipo anachimwera ndithu. Ahebri 11 akutchula amene mwa chikhulupiriro anatseka pakamwa pa mikango, ndipo mutu womwewo ukutchula ena amene anaponyedwa miyala, kuchekedwa pakati, kuyendayenda atavala zikopa. Onse akuyamikiridwa chifukwa cha chikhulupiriro chimodzimodzi.

Apa ndichenjezepo. Munthu wosweka mtima ndi wosavuta kumudyera. Akakuuzani kuti yankho lanu latsekeka mpaka mutabzala mbewu ya ndalama zakuti, kapena mutagula kabotolo ka mafuta kapena madzi odzozedwa, kumbukirani zomwe Petro anauza Simoni wa ku Samariya: ndalama zake zitayike naye pamodzi, chifukwa anaganiza kuti mphatso ya Mulungu ingagulidwe (Machitidwe 8:20). Ndikudziwa banja lomwe linagulitsa injini ya boti kuti lipereke kwa wolosera wina mwana wawo akudwala. Mwanayo anamwalira, ndipo banjalo linatsala lopanda mwana, lopanda chogwirira ntchito, n'kuuzidwanso kuti vuto linali kukayika kwawo.

Ngati ndikudalira Mulungu, kodi n'koyenera kumamwabe mankhwala?

Inde, ndipo musasiye. Luka, wolemba Uthenga Wabwino, anali dokotala. Yesaya atauza mfumu Hezekiya kuti Mulungu wamva pemphero lake, analamulanso kuti pa chithupsa chake aikepo nkhuyu zouma (Yesaya 38:21). Lonjezo ndi mankhwala zinayendera limodzi.

Ma ARV akhala akuperekedwa mwaulere m'zipatala za m'dziko muno kuyambira 2004, ndipo amene tinaika maliro m'zaka za m'ma 1990 tikudziwa kusiyana kwake. Mankhwalawa amachepetsa kachilombo m'magazi mpaka kufika posaoneka poyeza, koma sakuchotsa. Munthu akasiya kumwa chifukwa wauzidwa kuti wachiritsidwa, kachilombo kamachulukanso, ndipo nthawi zina mankhwala omwe ankagwira aja sagwiranso. N'chimodzimodzi mankhwala a shuga, a BP, a khunyu ndi a TB. Pemphererani, koma za kusiya mankhwala anene ndi achipatala.

Kolera yomwe inayamba mu March 2022 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma a m'mphepete mwa nyanja anakhudzidwa kwambiri. Matendawa amapha chifukwa cha kutha madzi m'thupi, nthawi zina m'maola ochepa. Kuchedwetsa wodwala pa mkeka kuti tiyambe tamupempherera usiku wonse n'kumupha. Mupatseni Thanzi ORS, mukwezeni pa njinga, pempherani muli m'njira.

Asodzi nawo amve. A zanyengo akalengeza kuti kukubwera mwera, kulowa m'nyanja n'kumati Mulungu atisunga si chikhulupiriro. Satana atauza Yesu kuti adzigwetse kuchoka pamwamba pa Kachisi poti angelo amuwakha, Yesu anayankha kuti usamuyese Ambuye Mulungu wako. Ndikudziwa kuti njala ndi imene imakankha alovi, asodzi ogwira ntchito m'boti, ndipo mwini khoka la chilimira amafuna ndalama zake. Komabe tsiku limodzi losapha nsomba limabwezeka.

Mwamuna wanga anamira ndipo thupi silinapezeke. Kodi adzauka nawo?

Mayi, adzauka. Chivumbulutso 20:13 chikutchula nyanja mwachindunji, kuti inapereka akufa amene anali m'menemo. Kuuka kwa akufa sikudalira bokosi, manda, kapena mwambo womwe tinatha kuchita. Akhristu ambiri oyambirira anatenthedwa, ena anadyedwa ndi zilombo, ndipo mpingo sunakayikepo za iwo.

Chomwe chimavuta ndi mtima wa otsala, chifukwa popanda manda maliro amakhala ngati sakutha. Pemphani abusa kapena ansembe anu kuti achite mapemphero a chikumbutso, pakhomo kapena pa doko pomwe ananyamukira, achibale ndi asodzi anzake alipo, dzina lake litchulidwe. Si kulakwa kupempha zimenezo ngakhale papita chaka.

Achibale akuti ndalodzedwa ndipo akufuna tikaombeze. Nditani?

Malemba sakana kuti mphamvu za mdima zilipo, koma akuti Khristu anazivula zida pa mtanda (Akolose 2:15), ndipo akuletsa kufunsira kwa oombeza. Taonani komwe ulendo wa kwa sing'anga umathera. Kawirikawiri chala chimaloza gogo wina wosauka wa m'mudzi momwemo, wopanda womuteteza, ndipo m'dziko muno okalamba akhala akumenyedwa, kutenthedwa nyumba, ena kuphedwa kumene pa nkhani zotere. Lamulo la 1911 lokhudza za ufiti limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Kanani mwaulemu, itanani a mpingo adzakhale nanu pokambirana ndi akuluakulu a banja, ndipo wodwala apite ku chipatala.

Akuchimuna anditengera katundu yense mwamuna wanga atamwalira. Ena akuti ndingozisiya m'manja mwa Mulungu.

Kukhululuka ndi kwina, kulekerera kuti ana anu agone panja ndi kwinanso. Pa Luka 18 Yesu anapereka chitsanzo cha mayi wamasiye amene sanaleke kupita kwa woweruza mpaka mlandu wake unaweruzidwa. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi ndi ana a womwalira, ndipo kulanda katundu wa masiye ndi mlandu. Yambirani kwa ankhoswe ndi amfumu. Zikakanika pitani ku ofesi ya Victim Support ku polisi kapena kwa DC. Ndipo mpingo usangoimba pa maliro n'kubalalika. Yakobo 1:27 akuti chipembedzo choona ndi kusamalira ana amasiye ndi akazi amasiye m'chisautso chawo, ndiye mkulu wa mpingo amuperekeze mayiyo ku maofesiko.

Ndatopa. Nthawi zina ndimaganiza zongodzichotsa moyo. Kodi Mulungu wandisiya?

Sanakusiyeni, ndipo si inu woyamba wa anthu ake kufika pamenepo. Eliya, atangochoka pa chipambano cha pa phiri la Karimeli, anathawira m'chipululu, n'kukhala pansi pa kamtengo, kupempha kuti afe. Mulungu sanamudzudzule. Anamusiya agone, anatuma mngelo ndi mkate ndi madzi, n'kumulola agonenso, kenaka anamudyetsa kachiwiri. Zoyankhula zinabwera pambuyo (1 Mafumu 19).

Abambo makamaka, ndikukupemphani. Ngongole ya katapila, ya banki m'khonde, mitengo ya feteleza yomwe inakwera Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, banja lomwe likugwedezeka, zonsezi timazisenza chamumtima poopa kuoneka ofooka. Uzani munthu mmodzi lero lomwe, musadikire Lamulungu. Mankhwala a m'munda, chingwe, chilichonse chomwe mwakhala mukuchiyang'ana, perekani kwa mnansi akusungireni. Pitani ku chipatala cha boma mukanene mmene mukumvera, chifukwa matenda a maganizo ali ndi chithandizo monga malungo. Ngongole imakambidwa, ndipo manyazi amatha. Akuluakulu anati sunga khosi, mkanda woyera udzavala.

Ndipo inu amene m'bale wakuululirani zotere, musamuyankhe ndi ulaliki wa za Gehena. Musamusiye yekha usiku umenewo, ndipo mawa lake mupite naye ku chipatala.

Mnzanga ali pa mavuto aakulu. Ndimuuze chiyani?

Zochepa. Mawu oti zonse zimachitika ndi cholinga, kapena kuti Mulungu wathyola duwa lake, asungeni. Aroma 8:28 ndi woona, koma sakunena kuti chilichonse chochitika n'chabwino, akuti Mulungu amagwira ntchito m'zonse kuwachitira ubwino omukonda. Yosefe ananena kuti Mulungu anasandutsa choipa cha abale ake kukhala chabwino patapita zaka zoposa 20, ndipo ananena yekha mwini wake wovutikayo. Si mawu oti mlendo auze mayi amene waika mwana dzulo.

Pitani, khalani pansi, nenani kuti pepani. Tengani kamtolo ka nkhuni, ufa wa kondowole, kambale ka usipa. Tungani madzi. Ngati akudwazika ku chipatala, mugonereni usiku umodzi kuti akapume. Yakobo akufunsa kuti kuli ndi phindu lanji kuuza wanjala kuti apite mu mtendere akakhute, osamupatsa kanthu. Njala itagwa ku Yudeya, Akhristu a ku Antiokeya anasonkha yense monga anakhoza n'kutumiza ndi Barnaba ndi Saulo. Kuno timakhala khomo ndi khomo ndi abale athu Achisilamu, ndipo zovuta zikagwa kwa iwo tichite chimodzimodzi, osatenga chisoni chawo ngati mpata wowakopera ku tchalitchi.

Sabata ya maliro pakhomo pamadzaza anthu. Lembani penapake tsiku, kuti pakatha mwezi umodzi kapena iwiri, achibale akutali atabwerera kwawo ndipo chipepeso chatha, mudzapitekonso, ndipo mukafunse ngati ana abwerera ku sukulu.